MSILIKALI AKHALE KUTI, M'KAMPU KAPENA M'MUDZI?

Munthu wochokera ku boma la Mangochi kulinga ku Monkey Bay, akadutsa mahotela a m'mbali mwa nyanja ndi midzi ya asodzi, amafika pamene msewu waung'ono umapatukira kudzanja lamanja kutsikira ku gombe la Nkhudzi. Kumeneko kuli phiri, mchenga woyera, mabwato a usipa ndi nyumba zokongola zimene eni ake amabwera kudzapumulamo pa tchuthi. Kutsogolo pang'ono, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto, kuli Monkey Bay, doko limene makolo ankalitcha Lusumbwe. Padoko limeneli ndi pamene pali kampu ya asilikali a pamadzi a gulu lankhondo la Malaŵi.

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Folomu 4, akamva kuti boma likulemba asilikali, amaganiza za yunifolomu, za mfuti ndi za malipiro a pamwezi. Ndi oŵerengeka amene amadzifunsa kuti akadzakwatira adzagona kuti ndi banja lawo. Komatu funso limeneli limamudikira msilikali aliyense, ndipo yankho lake limakhudza chakudya cha ana, sukulu yawo, ndi malo amene banja lidzaloŵera tsiku limene ntchito idzathe. Msilikali wa ku Monkey Bay ali ndi mbali ziŵiri zoyang'ana: nyumba ya boma ya m'kati mwa kampu, kapena nyumba ya lendi m'tauni momwemo ndi m'midzi ya mumsewu wa ku Mangochi, yonga Nkhudzi.

CHIFUKWA CHAKE CHA KAMPU

Maboma ambiri a dziko lapansi amasunga asilikali awo pamalo amodzi pa zifukwa ziŵiri. Choyamba ndi changu: lipenga likalira, aliyense ayenera kukhala atafika pamzere m'kanthaŵi kochepa. Chachiŵiri ndi mwambo: munthu amene akuluakulu ake akumuona usana ndi usiku sataya khalidwe msanga. Ndi m'mene zidaliri kuyambira nthaŵi ya asilikali a Keyala, gulu la King's African Rifles limene Angerezi adakhazikitsa mu 1902, ndipo mbali yake ya ku Nyasaland idasanduka Malawi Rifles pamene dziko lidalandira ufulu mu 1964. Maina a makampu akusungabe mbiri imeneyo. Cobbe ya ku Zomba idatenga dzina la Alexander Cobbe, mtsogoleri wa asilikali a kuno amene adalandira mendulo ya ulemu atamenya nkhondo ku Somaliland mu 1902. Moyale ya ku Mzuzu ndi chikumbutso cha nkhondo imene asilikali a dziko lino adamenyana ndi Ataliyana mu 1940 kumalire a Kenya ndi Ethiopia.

Panyanja changu chimafunika koposa. Mzinga umene uli pafupi ndi mlatho wa Shire ku Mangochi udachokera m'sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 idafulumira kukaononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann eni ake asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Masiku ano mdani wa kaŵirikaŵiri ndi nyanja yomweyo. Mwera ukakuntha usiku bwato n'kugubuduzika, kapena madzi akasefukira monga adachitira pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, anthu amayang'ana kwa asilikali kuti abwere ndi maboti. Pa ora lotere, msilikali amene wagona kutali ndi doko, akudikira matola pamsewu, sangapulumutse munthu.

NYUMBA SIZIKWANA

Vuto ndi lakuti nyumba za m'makampu sizidachuluke mofanana ndi asilikali. Zambiri zidamangidwa kale, pamene gulu lankhondo lidali laling'ono. Kuchokera nthaŵi imeneyo magulu atsopano akhazikitsidwa, akazi nawonso ayamba kulembedwa usilikali, ndipo mabanja akula. Kotero boma likakhala ndi msilikali amene lilibe pomugoneka, limatsala ndi njira zitatu: kumanga nyumba zatsopano, kuchita lendi nyumba za anthu wamba n'kumuikamo, kapena kumupatsa ndalama m'manja kuti akadzifunire yekha pokhala. Ndalama yotereyi ndiyo imene anthu amaitcha alawansi ya nyumba.

Njira yoyamba boma lidailonjeza poyera. Kumapeto kwa chaka cha 2020, Pulezidenti wa nthaŵi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, adakhazikitsa ku Karonga ntchito yomanga nyumba 10,000 za ogwira ntchito zachitetezo, ndiwo asilikali ankhondo, apolisi, oyang'anira ndende ndi oona za anthu oloŵa ndi kutuluka m'dziko. Nyumba zina zidamangidwadi m'maboma osiyanasiyana, koma pofika chaka cha 2025 zotsirizidwa zidali zochepa kwambiri poyerekeza ndi chiŵerengero cholonjezedwacho. Njira yachiŵiri nayo ili ndi minga yake, pakuti eni nyumba amene amachititsa lendi kwa boma akhala akudandaula kuti ndalama zawo zimachedwa. Mwininyumba akakwiya sapita ku likulu. Amagogoda pachitseko cha banja limene lili m'nyumbamo.

Chomwecho mau akuti "kusankha" ayenera kumveka bwino. M'magulu ankhondo ambiri, msilikali wongolembedwa kumene ndi wosakwatira sasankha, amagona m'kampu. Wokwatira amalembetsa dzina n'kudikira kuti nyumba ipezeke, ndipo wofuna kukhala kunja amayamba wapempha chilolezo kwa akuluakulu ake. Ambiri amene ali kunja adatuluka chifukwa m'kati mudalibe malo. Komabe alipo ena amene mwayi wosankha umaŵapeza, ndipo ameneŵa ayenera kuyesa mbali zonse ziŵiri mofatsa.

ZA M'KATI MWA MPANDA

Ubwino wa nyumba ya m'kampu ndi woonekeratu. Msilikali salimbana ndi mwininyumba mwezi ukatha, ndipo kuntchito amapita wapansi. Akuba saloŵamo chisawawa. M'makampu akuluakulu monga Kamuzu ku Lilongwe ndi Cobbe ku Zomba muli sukulu ndi chipatala pafupi. Koposa zonsezi, bambo akatumizidwa kutali kwa miyezi yambiri, mai ndi ana amatsala pakati pa anzawo odziŵa kuŵaŵa kwake kwa kudikira, ndipo uthenga wochokera kunkhondo, wabwino kapena woipa, umafika msanga ndi mwaulemu.

Koma walira mvula walira matope. M'kampu udindo wa bambo umatsatira banja lonse mpaka pakhomo: mkazi wa msilikali wamba amadziŵa malo ake pamaso pa mkazi wa sajeni, ndipo ana amakula akudziŵa kuti nyumba yawo ndi yaing'ono chifukwa cha mizere ya paphewa la atate awo. Mkangano wa m'banja suchedwa kufika kuofesi. Mlendo wochokera kumudzi sangangobwera n'kukhala miyezi itatu monga mwa chikhalidwe, ndipo mai wofuna kuŵeta mbuzi, kuyanika usipa wogulitsa kapena kulima dimba amapeza kuti malo ndi malamulo sizimulola. Chachikulu n'chakuti nyumbayo ndi yobwereka. Munthu angakhalemo zaka makumi aŵiri, kudzala mango pakhomo, kubereka ana onse momwemo, koma alibe njerwa ndi imodzi yomwe imene angaitche yake.

ZA KUNJA KWA MPANDA

Wokhala kunja amapuma mpweya wina. Akavula yunifolomu madzulo amakhala munthu pakati pa anthu: amapita kumaliro, kumzikiti kapena kutchalitchi pamodzi ndi eni mudzi, ndipo ana ake amaphunzira Chiyao poseŵera ndi anzawo. Mkazi wake angathe kugula nsomba pagombe m'mamaŵa, kuziyanika ndi kuzitumiza ku Limbe kapena ku Lilongwe, kotero kuti banja silidalira malipiro okha. Dziko nalo limapindula, pakuti anthu amene amatunga madzi pamodzi ndi banja la msilikali samuona ngati chilombo choopsa.

Nkhudzi ndi chitsanzo chabwino cha zokoma ndi zoŵaŵa za moyo wakunjawu. Kale anthu a kumeneko ankamwa madzi a m'nyanja ndi a m'zitsime, koma bungwe loona za madzi m'chigawo cha kummwera lidamanga malo opopera madzi pagombepo ndi thanki paphiri la Nkhudzi. Ntchitoyo idautsa mkangano waukulu m'zaka za 2021 ndi 2022, popeza phirilo lili m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la malo ofunika a dziko lonse lapansi mu 1984. Madzi a m'mipopi ndi dalitso kwa banja lililonse, makamaka m'boma limene lidavutika kwambiri ndi kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Koma pamene pafika madzi ndi magetsi, mtengo wa malo ndi wa lendi umakwera, ndipo pagombe lokongola ngati limeneli msilikali amapikisana ndi anthu a ndalama ochokera m'mizinda, ofuna pomanga nyumba za tchuthi.

Pali kuŵerengera kwina kumene ambiri amaiŵala. Nyumba ya kumudzi imaoneka yotsika mtengo kufikira munthu ataphatikizapo ndalama ya minibasi kapena ya njinga yamoto, kupita ndi kubwera, masiku onse a pamwezi. Mafuta akasoŵa m'dziko, monga zachitikira kangapo m'zaka zapitazi, mtengo wa ulendo umakwera tsiku lomwelo, pamene nthaŵi ya perete siisintha. Msilikali wochedwa sauza mkulu wake kuti galimoto lidavuta, amalandira chilango. Ndiponso nyumba yotchipa kaŵirikaŵiri imakhala pamalo otsika. Mu 2024 madzi a nyanja ya Malaŵi adakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, namiza nyumba ndi malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Akuluakulu adakumbukira kuti nyanja idachitanso zomwezo cha m'ma 1980. Madzi saiŵala khwaŵa, ndipo mlendo wofuna nyumba achita bwino kufunsa nkhalamba za pamudzi kuti madzi adalekeza pati.

NDALAMA YA NYUMBA

Tsono mtima wa nkhani yonseyi uli pa ndalama. Alawansi ya nyumba imakhala ndi phindu pokhapokha ikamayenda limodzi ndi mtengo wa lendi. Dziko la America, limene lili ndi asilikali ochuluka okhala kunja kwa makampu, lidakonza njira yake mu 1998. Kumeneko ndalama ya nyumba imaŵerengedwa potsata zinthu zitatu: udindo wa msilikali, dera limene akugwirako ntchito, ndiponso ngati ali ndi banja kapena ai. Chaka chilichonse boma limafufuza mitengo ya lendi m'dera lililonse n'kukonzanso ndalamayo, ndipo siidulidwa msonkho. Kuyambira 2019 imakwanira magawo 95 pa 100 a mtengo umene boma laŵerengera, msilikali n'kuonjezerapo otsalawo. Wopeza nyumba yotsika mtengo amasunga yotsalayo. Wofuna yapamwamba amapisa m'thumba mwake.

Phunziro lake lili pa kaŵerengedwe, osati pa kuchuluka kwa madola. Lendi wa ku Lilongwe, wa ku Mzuzu ndi wa ku Monkey Bay ndi wosiyana, kotero ndalama yofanana kwa onse imakomera ena n'kupweteka ena. Aphunzitsi akale akukumbukira kuti mu 2004 boma lidaphatikiza alawansi ya nyumba ya ogwira ntchito m'boma ndi malipiro awo a pamwezi. Kuchokera pamenepo ndalama ya nyumba idaleka kuoneka payokha, ndipo munthu sangathenso kuloza kuti iyi ndi ya lendi, iyi ndi ya ufa. Zinthu zikakwera mtengo, ufa ndiwo umapambana.

Kugwa kwa kwacha kumaonetsa poyera kufooka kwa ndalama yosakonzedwa chaka ndi chaka. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100, kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700 pa dola imodzi. Mwachitsanzo, munthu amene akadakhala akulandira K100,000 ya nyumba, ndalama yakeyo ikadatsika usiku umodzi kuchoka pa madola pafupifupi 85 kufika pa 59. Mwininyumba amagula malata, utoto ndi mipopi pa mtengo watsopano, choncho amakweza lendi. Wokhala m'kampu mphepo yotereyi imamupitirira pamwamba; wokhala kunja imamuomba pamaso.

Maiko olemera nawonso adapunthwapo pankhani imeneyi. Mu 1996 boma la Britain lidagulitsa nyumba za mabanja a asilikali zokwana pafupifupi 55,000 ku kampani ya Annington, n'kuyamba kuzichita lendi nyumba zomwezo, kukonza kuli kwa boma. Patapita zaka 28, kumapeto kwa 2024, lidagwirizana zoombola nyumba zoposa 36,000 pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 6 biliyoni, woposa kutali umene lidalandira pogulitsa. Ku America nako, kumene makampani adapatsidwa ntchito yomanga ndi kusamala nyumba za m'makampu kuyambira 1996, atolankhani a Reuters adaulula mu 2018 kuti mabanja ambiri ankakhala m'nyumba zankhungu ndi zautoto woopsa kwa ana. Boma limene lataya nyumba zake pofuna ndalama za msanga limadzalipira kaŵiri.

TSIKU LOBWEZA MAKIYI

Pali tsiku limodzi limene limafananitsa wa m'kampu ndi wa lendi. Msilikali amapuma pantchito, ena akadali ndi ana a sukulu, ndipo makiyi a nyumba ya boma amabwezedwa kuti aloŵemo wina. Kwa ena tsikulo limadza modzidzimutsa. Asilikali a Malaŵi akhala akutumizidwa kukasungitsa mtendere kum'maŵa kwa Democratic Republic of Congo kuyambira 2013. Mu Novembala 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a dziko lino adaphedwa pafupi ndi Beni, ndipo mu Januwale 2025 ena atatu adafa pankhondo yolimbana ndi zigaŵenga za M23. Maliro akatha, mbendera itapindidwa, mai wamasiye amatsala ndi funso lakuti apita kuti ndi ana, popeza nyumba ya m'kampu ndi ya ogwira ntchito, ndipo ya lendi imafuna malipiro amene aleka kubwera monga kale.

Akale adati nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka. Nyumba ya m'kampu ndi yobwereka kwa boma, ya lendi ndi yobwereka kwa mwini wake. Kusiyana kwake kuli pa zimene munthu amachita ndi ndalama zotsala. Wokhala m'kampu, amene salipira lendi wa kunja, ali ndi mpata wosunga kangachepe mwezi ndi mwezi, koma moyo wa m'kampu umagonetsa tulo, munthu n'kudzadzidzimuka kalata ya penshoni itafika. Wokhala kunja amadziŵana ndi mafumu, amaona puloti yabwino msanga, koma lendi ndi maulendo zimamudyera ndalama yogulira simenti. Ambiri amene adamanga nyumba zawo adatero ndi ndalama zimene adabwera nazo kuchokera ku ntchito yosungitsa mtendere, pamene anzawo adagula magalimoto amene lero ali pamiyala.

Wofuna kugula malo m'dera la kumwera kwa nyanja ayenera kudziŵanso mwambo wa eni dziko. Pakati pa Ayao ndi Amang'anja malo amatsata mbumba ya kuchikazi, kotero mwamuna amene akugulitsa munda angakhale mkamwini chabe wopanda mphamvu pa nthakayo. Malo ogulidwa m'chibisibisi, popanda nyakwaŵa ndi eni mbumba, amabala milandu nyumba itafika kale pamutu wa zenera. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula njira yolembetsa malo otere kuti mwini wake akhale ndi chikalata, ndipo msilikali amene amasamutsidwa kaŵirikaŵiri ndiye woyenera kuchisamala chikalatacho koposa wina aliyense.

ZOYENERA KUCHITIKA

Kumbali ya boma, zofunika ndi zitatu. Nyumba zolonjezedwa zitsirizidwe, kuyambira ndi makampu amene ntchito yawo ndi yadzidzidzi monga ya ku Monkey Bay. Kwa amene ali kunja, thandizo la nyumba likhale loonekera payekha, loŵerengedwa potsata dera, lokonzedwa chaka ndi chaka, ndi lofika pa nthaŵi yake. Ndipo pakhale njira ya ngongole yofeŵa yoti msilikali wamba amange nyumba yake akadali pantchito, pamodzi ndi lamulo lomveka bwino lonena za nthaŵi imene banja la womwalira lingakhale m'nyumba ya boma likukonzekera kusamuka.

Kumbali ya achinyamata, uphungu ndi wosavuta kuumva. Zaka zoyamba, ndiponso pamene ana ali aang'ono ndi maulendo akutali ali ochuluka, kampu ndiyo malo abwino, malinga ndalama yopulumuka pa lendi ikusungidwa. Wotuluka kunja ayambe waŵerengera lendi, madzi, magetsi ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku pamodzi, alembe pangano ndi mwininyumba pamaso pa mboni, ndipo asakhale kutali kuposa pamene angathe kufika padoko ndi njinga yakapalasa usiku. Aphunzitsi, amene ambiri mwa iwo amakhala m'nyumba za sukulu kapena za lendi m'midzi, akudziŵa bwino mtolo umenewu, ndipo ndiwo angathe kuufotokoza kwa ophunzira awo asanatumize makalata ofunsira usilikali.

Wophunzira wa ku Nkhudzi amene amaona boti la asilikali likudutsa kutsogolo kwa gombe nasirira, achita bwino kusirira, pakuti ntchitoyo ndi yaulemu. Koma pa malipiro ake oyamba, asanagule wailesi kapena foni, akumbukire kuti yunifolomu, mfuti ndi nyumba zonse ndi za boma, ndipo zidzabwezedwa tsiku limodzi. Chimene chidzatsale m'dzina lake ndi malo amene adagula ndi njerwa zimene adaumba.